Khomo la Sukulu Likhale Lalikuru

Masiku ano nzeru za sukulu ziyenda m'njira zimene makolo athu sanazidziwa. Kale mwana wofuna kuphunzira anayenera kulawira m'mamawa, nayenda pamame kufikira kumene kunali mphunzitsi; koma tsopano mphunzitsi akhoza kukhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo mau ace afika m'mudzi mwathu pa wailesi, pa lamya ya m'manja imene tiitcha foni, ndi pa intaneti. Anthu ambiri akondwera nazo njira zimenezi, ndipo ife aphunzitsi a kuno ku Mchinji tikondwera nao pamodzi. Koma pali funso limodzi limene litisowetsa tulo, ndilo ili: pamene phunziro licokera kutali kudza kwa ife, kodi lifikira ana onse, kapena lifikira okhawo amene anali ndi mwai kale?

Tisayese kuti kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi ndi cinthu ca dzulodzulo ai. M'caka ca 1965 Boma linatsegula sukulu yophunzitsa ndi makalata, imene lero idziwika ndi dzina lakuti Malawi College of Distance Education. Ndipo anyamata ndi atsikana ambiri amene anasowa malo ku sekondale analandira maphunziro ao pa positi, namvanso ena pa wailesi. M'caka ca 2008 kunayamba maphunziro a pa wailesi otchedwa Tikwere, a ana a makalasi oyamba. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja, osafuna mabatire; ndipo mphunzitsi wa m'wailesi ankafunsa funso nakhala cete pang'ono, kuti mphunzitsi wa m'kalasi aloze mwana woti ayankhe. Kumeneko ndiko kuphunzitsa kosakaniza: gawo lina licokera kutali, gawo lina licitika maso ndi maso. M'caka ca 2023 Boma linayamba kugawira sukulu za pulaimale timakina ta galasi totchedwa matabuleti, todya moto wa dzuwa, m'mene ana a Standard 1 kufikira 4 aphunziramo kuwerenga ndi masamu m'Cicewa. Ndipo caka coyamba tinagawidwa ku sukulu 500.

Koma mayeso akuru a njira zimenezi anadza pa 23 March 2020, tsiku limene sukulu zonse za m'dziko muno zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19. Zinayamba kutsegulidwanso pa 7 September, ndipo makalasi ena anadikira kufikira October. M'miyezi imeneyo maphunziro a pulaimale anaulutsidwa pa wailesi, ndi a sekondale anaikidwa pa intaneti. Inali nchito yabwino, yocitika mofulumira m'masiku a mantha, ndipo tiyamika onse amene anaigwira. Komatu pamene ana anabwerera ku sukulu, tinaona ndi maso athu kuti sanabwere ofanana. Mwana wa kalaliki wa pa boma anabwera atapita patsogolo. Mwana wa ku mudzi wopanda wailesi anabwera ataiwala ndi zilembo zimene anazidziwa kale. Ndipo ena sanabwere konse. Boma lomwe linawerenga mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana ngati 13,000 m'dziko lonse m'miyezi ija. Phunziro lidaturuka ndithu, koma linapeza makomo ambiri ali citsekere.

Tsono tiyeni tiyambe taona kuti ana athu ndiwo ayani. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma lino la Mchinji. Anapezanso kuti m'dziko lonse, mwa anthu khumi ali onse a zaka 5 ndi kuposa, mmodzi ali ndi ulumali wina. Ndi kuti mwa nyumba 100, ngati 11 zokha zinali kuunikira ndi magetsi, ndipo zambiri za izo zinali m'matauni. Cotero m'kalasi la ana 100, monga makalasi ambiri a kumidzi ali, simulephera kukhala wina wosamva bwino cifukwa ca mafinya a m'khutu, wina woona mwacimbuuzi, wina wopunduka miyendo amene afika mocedwa, wina wa khunyu, ndi wina wacialubino amene zilembo zazing'ono zimlasa m'maso. Mulinso ana amene kwao alankhula Cinsenga, pakuti ife tiri a m'malire. Muli ana a matenanti a m'maesiteti a fodya, amene makolo ao anacokera kumwera, nasamuka ndi nyengo. Muli mtsikana amene anabwerera ku sukulu atabala, ndipo mwana wace amdikira kunyumba. Mulinso mnyamata amene m'nyengo yokumba mtedza asowa masabata awiri. Amenewa si alendo m'kalasi mwathu ai. Ndiwo eni ace a kalasi.

Ndipo njira iri yonse yonyamula phunziro iri ndi ana amene iwataya panjira. Wailesi ifika kutali, nilowa m'nyumba ya wosauka. Koma kwa mwana wosamva iri ngati mwala, ndipo ikalankhula kamodzi siibwereza, kotero kuti amene anali kudambo ndi ng'ombe pa ora limenelo wamanidwa. Pepala likhala, nuliwerenga kawiri ndi katatu. Koma kwa wosaona liri cete, ndipo kwa mwana wa Standard 2 amene sanadziwe kuwerenga lifuna munthu womwerengera. Foni yaikuru ya galasi inyamula mau ndi zithunzi pamodzi. Koma ifuna ndalama zoigulira, ndalama za bandulo, ndi ndalama zotchajitsa pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Mkanda. Ndipo m'nyumba zambiri foni iri imodzi, niyenda m'thumba la atate. Ife a m'mbali mwa malire tidziwanso bvuto lina: foni nthawi zina itaya netiweki ya kwathu nigwira ya ku Zambia, ndipo phunziro liduka pakati. Cifukwa cace iye amene aika phunziro lace m'njira imodzi yokha wasankha kale ana amene adzaphunzira, cinkana iye mwini sanadziwe kuti wasankha.

Pa nkhani iyi tiri ndi citsanzo pafupi, tsidya lija la malire. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, a mishoni a Dutch Reformed anamanga malo ao m'caka ca 1899. Ndipo m'caka ca 1905 mai wina wa pa mishonipo, Issie Hofmeyr, anayamba kuphunzitsa osaona kuwerenga ndi zala. Masiku amenewo anthu ambiri anayesa kuti wosaona nchito yace ndiyo kukhala pakhonde ndi kupempha. Mai Ella Botes anapitiriza nchitoyo zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1955 pomwepo panayambanso sukulu ya osamva. Kuno kwathu sukulu za osaona za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zinayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pace ku Montfort, ku Nguludi, kunayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ana otere. Zilembo zimene osaona awerenga anazipanga mnyamata wa ku France, Louis Braille, amene anabadwa m'caka ca 1809, nataya maso ali mwana wamng'ono atadzilasa ndi cida m'nyumba ya nchito ya atate wace. Ndipo ali ndi zaka 15 anakonza timadontho 6 totukuka pa pepala, timene posinthasintha malo ace tipanga zilembo zonse. Taonani, nzeru ya mwana wosaona sinacepe konse. Cimene cinasowa ndico khomo loti nzeruyo ilowerepo ndi kuturukirapo.

Sukulu zapadera zimenezo zinacita zazikuru, koma ziri zowerengeka, ndipo ana ambiri olumala sadzafikako. Cifukwa cace lamulo la dziko lino la 2012, ndi lina latsopano la 2024 limene linalowa m'malo mwace, liti mwana asakanizidwe maphunziro cifukwa ca ulumali. Ndipo Boma lifuna kuti ana otere aphunzire pamodzi ndi anzao m'sukulu ya kwao. Ngati tsono sukulu ya m'mudzi iyenera kulandira onse, phunziro locokera kutali liyeneranso kulandira onse, pakuti nalonso ndilo sukulu.

Nanga licitika bwanji? Akuru anati, m'mera mpoyamba. Mmisiri womanga nyumba ayesa ukuru wa khomo pamene ali kuika maziko. Akamanga khomo lopapatiza ndi makwerero atatu, ndipo caka camawa afika mwana wa pa njinga ya olumala, pamenepo ayenera kugumula khoma, nataya njerwa ndi simenti kawiri. Ndipo kawirikawiri sagumula konse, angomnyamula mwanayo ngati thumba la cimanga, namcititsa manyazi pamaso pa anzace. Mmisiri wina wa ku America, Ronald Mace, amene anadwala poliyo ali mwana nayenda pa njinga yotere moyo wace wonse kufikira imfa yace m'caka ca 1998, anaphunzitsa kuti nyumba ndi zipangizo zikonzedwe kuyambira paciyambi kuti anthu onse azigwiritse nchito. Ndipo kunapezeka kuti njira yotsetsereka imene anaikonzera wopunduka ithandizanso nkhalamba ya ndodo, mai wapakati, ndi mnyamata wokankha wilibala. Aphunzitsi a maiko ambiri anatenga nzeru yomweyo naiika pa maphunziro. Ife amene tiphunzitsa m'midzi tiona kuti iri yoona, ndipo tifuna kutchula zinthu zisanu ndi cimodzi zimene wokonza phunziro lakutali ayenera kuzisunga.

Coyamba, phunziro limodzi lituruke ndi makomo atatu: lomvera, lowerenga, ndi loona. Cimene canenedwa pa wailesi cilembedwenso pa pepala. Cimene calembedwa ciwerengedwenso mokweza ndi kujambulidwa. Ndipo kanema akhale ndi mau olembedwa pansi pace, ndi munthu wolankhula cinenero ca manja pambali, wooneka bwino, wosati wocepa ngati nyerere pa ngodya. Mphunzitsi wa m'kanema asanene kuti, "Taonani apa," nangoloza. Anene cimene ciri pa bolodi, kuti, "Ndalemba 7 pansi pa 12," ndipo wosaona adzatsata pamodzi ndi anzace. Pali cinthu cina cimene ambiri sacidziwa: mafoni a galasi ndi makompyuta akhoza kuwerengera wosaona mau otaipidwa, koma tsamba la buku likangojambulidwa ngati cithunzi nkutumizidwa pa WhatsApp, kawirikawiri makinawo aliona ngati cithunzi cabe, nakhala cete. Cotero mau atumizidwe ali mau, zilembo zikhale zazikuru ndi zakuda pa pepala loyera, ndipo cithunzi ciri conse cikhale ndi mzere wonena cimene cirimo.

Caciwiri, phunziro likhale lopepuka. Kanema wa ora lathunthu adya bandulo imene mtengo wace ukanagula ndiwo za masiku angapo. Koma mau okha a mphindi khumi alowa m'foni yaing'ono, ndipo mnzace alandira kwa mnzace pa Bluetooth wopanda kulipira. Pa misika yathu pali anyamata amene aika nyimbo m'timakadi ta memore, ndipo timawailesi tambiri ta m'midzi tiri ndi polowetsa kakadiko. Njira imene inyamula nyimbo ikhoza kunyamulanso masamu a teremu yonse. Wokonza phunziro adzifunse kuti, kodi cinthu ici cidzagwira nchito kumene kulibe netiweki? Pa ici matabuleti a m'sukulu acita bwino, pakuti maphunziro ali m'kati mwace momwemo. Koma popeza mwana amva malangizo ace ndi zomvera za m'makutu, nayankha pokhudza galasi, tiyenera kufunsa pa sukulu iri yonse kuti wosamva ndi wosaona acita ciani pa ora limene anzao ali pa matabuleti.

Cacitatu, cinenero cikhale comveka. Mwana amene alimbana ndi Cingelezi ndi masamu nthawi imodzi ali ngati munthu wosenza mitolo iwiri pa ulalo wa mtengo umodzi. M'kalasi mphunzitsi aona nkhope za ana, nazindikira kuti sanamve, nabwereza m'Cicewa. Koma wailesi ndi foni siziona nkhope. Cifukwa cace mau atsopano amasuliridwe asanayambe kugwira nchito, ziganizo zikhale zazifupi, ndipo zitsanzo zicokere ku zinthu zimene mwana azidziwa: ndowa za mtedza, mabelo a fodya, mizere ya m'munda, ndi kusintha Kwacha ya Malawi ndi ya Zambia pa Mwami.

Cacinai, nthawi ikhale yomasuka. Phunziro limene lipezeka pa ora limodzi lokha lamana mtsikana amene ali kumjigo ndi mai woyamwitsa. Libwerezedwe madzulo ndi Loweruka, ndipo ligawidwe m'zidutswa zazing'ono, kuti amene anasowa sabata adziwe poyambira. Kuno tiri ndi wailesi yathu ya Mudzi Wathu, imene ilankhula ndi anthu a boma lino. Mawailesi otere a m'madera adziwa nthawi imene anthu ao aweruka kumunda kuposa munthu wokhala ku likulu.

Cacisanu, mwana apatsidwe njira zingapo zoonetsera kuti wamva. Wina manja ace anjenjemera ndipo sakhoza kugwira pensulo, koma ayankha bwino pakamwa. Wina acita cibwibwi, koma alemba bwino. Wina abaya timadontho ta Braille, ndipo pafunika womasulira. Ngati tifuna kudziwa kuti mwana wadziwa kucotsera, tiyese kucotserako; tisayese kuthamanga kwa zala zace pa galasi.

Cacisanu ndi cimodzi, ndico cacikuru pa zonse: pamapeto pa njira pakhale munthu. Makina sadziwa kuti mwana wagona ndi njala, kapena kuti wasowa masiku atatu cifukwa amalume ace ayamba kukamba za ukwati. Maphunziro a Tikwere anakonzedwa ndi malo a mphunzitsi wa m'kalasi m'kati mwace, ndipo m'menemo munali mphamvu yace. Phunziro lakutali lisonyeze poyera kuti apa mphunzitsi aime nafunse, apa ana akhale awiriawiri, wopenya ndi wosaona, wofulumira ndi wocedwa. Ndipo lisanatumizidwe ku dziko lonse, liyambe layesedwa pa ana olumala eni ace, ndi pa sukulu ya kutali ndi mseu wa tara. Pakuti mwini bala ndiye adziwa pamene pali kuwawa. Alipo m'dziko muno mabungwe a osaona ndi a osamva, monga Malawi Union of the Blind ndi MANAD. Amenewa aitanidwe pokonza, asamangoitanidwa pa tsiku la cikondwerero nchito itatha.

Tidziwa kuti ena adzati, "Aphunzitsi inu, dziko lathu ndi losauka, ana alikuphunzira pansi pa mitengo, ndipo inu mufuna makomo atatu pamene limodzi lomwe litibvuta." Mau amenewa ali ndi kulemera kwace, ndipo sitiwapeputsa. Kusindikiza Braille kufuna makina ndi mapepala olimba a mtengo wapatali, ndipo omasulira cinenero ca manja ali ocepa ndithu m'dziko muno. Koma taonani kuti zambiri za zimene tanenazi sizifuna ndalama konse. Kunena cimene walemba pa bolodi kulibe mtengo. Kukuza zilembo kulibe mtengo. Ndipo mphunzitsi wa pa wailesi awerenga mau ace kucokera pa pepala limene lalembedwa kale, longofuna kucurukitsidwa. Cimene cidya ndalama ndico kubwerera m'mbuyo kukakonza phunziro limene linapangidwa kale molakwika. Tikumbukenso caka ca 1994, pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo ana anacuruka kucokera ngati 1.9 miliyoni kufika ngati 3 miliyoni m'caka cimodzi. Dziko linaphunzira pamenepo kuti kulowetsa mwana pa cipata ndi nchito imodzi, ndi kumphunzitsa ndi nchito ina. Kupatsa sukulu makina kuli ngati cipata cija. Nchito yaciwiri itsalabe.

Tsono inu abale a m'midzi mungafunse kuti, "Zimenezi nza akuru a ku Lilongwe, ife ticitepo ciani?" Gawo lanu liripo, ndipo popanda ilo gawo lao lipita pacabe. M'midzi mwathu mukali ana olumala amene asungidwa kuseri kwa nyumba, makolo ao ali kuopa kuti anzao adzawaseka, kapena ali kuyesa kuti kuwaphunzitsa ndi kutaya sopo. Phunziro lingakonzedwe bwino cotani, silidzampeza mwana amene dzina lace silinalembedwe m'kaundula wa sukulu. Anyakwawa, akuru a mpingo, amai a m'magulu oyang'anira atsikana, ndi a komiti ya sukulu, ndinu amene mudziwa nyumba zimenezo. Pitaniko mwaulemu, mukambe ndi makolo ndi eni mbumba. Inu amene muli ndi wailesi kapena sola, itanani ana a mnansi wanu pa ora la phunziro, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nyumba zathu zopemphereramo zikhala zotseka masiku ambiri a sabata. Zikhoza kukhala malo omverapo phunziro, ndi wacinyamata mmodzi wotsiriza Form 4 woti aziwerengera ang'ono. Atate, foni ikhale pakhomo ora limodzi madzulo, ndipo mtsikana aigwire monga aigwira mnyamata.

Ndipo pamene alendo adzafika pa sukulu yanu ndi makina atsopano, alandireni bwino, muwathokoze. Koma mfumu kapena wa pa mpando wa komiti aimirire, nafunse mofatsa mafunso atatu awa: Mwana wosamva adzaphunzira bwanji ndi cinthu ici? Nanga wosaona? Nanga amene kwao kulibe foni? Akayankha bwino, kondwerani nao. Akasowa yankho, apempheni kuti apite nalo funsolo kwa amene anawatuma, ndipo pobweranso mudzawafunsenso.